David Rubadiri: mlakatuli amene adatha zaka 30 akuphunzitsa m'mayiko a eni

GABORONE – Pamene a David Rubadiri adafika mumzinda wa Gaborone m'chaka cha 1984 kudzayamba ntchito pa sukulu ya ukachenjede ya University of Botswana, adali atapitirira zaka 50 zakubadwa, ndipo padali patadutsa zaka 19 chisiyanirane ndi boma la dziko lawo la Malawi. Adali atalawa kale ndende ya atsamunda, atakhalapo kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku bungwe la United Nations, komanso atachoka ku Uganda pothawa ulamuliro wa Idi Amin. Ntchito imene adaipeza ku Botswana idali yopanda phokoso, yosula aphunzitsi.

Ophunzira ambiri a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa amawadziwa a Rubadiri ngati mlakatuli, makamaka chifukwa cha ndakatulo ziwiri zimene zakhala zikuwerengedwa m'makalasi kwa zaka zochuluka, An African Thunderstorm ndi Stanley Meets Mutesa. Komabe zimene adasindikiza m'moyo wawo wa zaka 88 n'zowerengeka: buku limodzi la nkhani yopeka, sewero, buku limodzi la ndakatulo zawozawo, ndi mabuku awiri osonkhanitsa ndakatulo za alembi osiyanasiyana. Mphamvu zawo zambiri zidathera m'kalasi, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 makalasi amenewo adali a m'mayiko a eni. Mbiri yawo ikusonyeza zimene dziko limataya likapirikitsa anthu ake ophunzira, ndi zimene mayiko ena amapindula akawalandira.

Mwana wa kunyanja, wophunzira ku Uganda

James David Rubadiri adabadwa pa 19 Julayi 1930 ku Liuli, malo a mishoni ya Anglican pagombe la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Tanganyika. Banja lawo lidali la ku chilumba cha Likoma. Masiku amenewo mishoni ya UMCA, yomwe likulu lake la kunyanja lidali pa Likoma, inkagwira ntchito m'magombe a Nyasaland, Tanganyika ndi Mozambique, motero sichidali chachilendo kuti mwana wa ku Nyasaland abadwire kutsidya kwa malire.

Kuyambira 1941 mpaka 1950 adaphunzira pa King's College, Budo, sukulu yotchuka ya mpingo wa Anglican pafupi ndi Kampala, kumene kunkaphunziranso ana a mafumu a Buganda. Kenako adalowa pa Makerere m'chaka cha 1952, ndipo adamaliza digiri yawo ya Chingerezi ndi mbiri yakale m'chaka cha 1956. Adakachitanso maphunziro a uphunzitsi pa University of Bristol ku Britain.

Makerere ya nthawi imeneyo inkasonkhanitsa achinyamata ochokera ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Zanzibar ndi ena ochepa a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Julius Nyerere adali atadutsapo kale m'zaka za m'ma 1940. M'kalasi ya Chingerezi ophunzira ankawerenga alembi a ku Britain pafupifupi okhaokha, koma ena mwa iwo adayamba kugwiritsa ntchito chiyankhulo chomwecho polemba za kwawo. Ndakatulo ya Stanley Meets Mutesa ndi chitsanzo chabwino. Imatenga nkhani ya m'mabuku a mbiri a atsamunda, ya kufika kwa Henry Morton Stanley pabwalo la Kabaka Mutesa woyamba m'chaka cha 1875, n'kuiona ngati tsiku limene khomo lidatsegukira ulamuliro wa azungu. Mlembi wake adakulira m'dera lomwelo limene zimenezi zidachitikira.

Ndende ya 1959

Atabwerera ku Nyasaland adayamba kuphunzitsa pa sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza. Dziko lidali litatentha. Kuyambira 1953 Nyasaland idali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda ambiri ankachikana poopa kuti ulamuliro wa azungu a ku Salisbury ukhazikika mpaka kalekale. Dr Hastings Kamuzu Banda adafika pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo la chitetezo la pangozi. Anthu oposa 1,000 adamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo oposa 50 adaphedwa, ambiri mwa iwo ku Nkhata Bay.

A Rubadiri adali mmodzi mwa omangidwawo. Adawatengera kundende ya Khami pafupi ndi Bulawayo ku Southern Rhodesia, kumene kudatsekeredwanso anthu ena ophunzira a ku Nyasaland. Mkazi wawo nayenso adali m'gulu la amayi ochepa amene adamangidwa pa nthawiyo. Mwa njira imeneyi boma la atsamunda lidasonkhanitsa pamalo amodzi aphunzitsi, maloya ndi akalaliki amene patangopita zaka zisanu adadzakhala nduna ndi akazembe a dziko latsopano.

Atatulutsidwa adapita ku King's College, Cambridge, kukapitiriza maphunziro a Chingerezi, ndipo atabwerako adakhala mkulu wa Soche Hill College ku Blantyre, sukulu yosula aphunzitsi. Dzina lawo likupezekanso pa mndandanda wa alembi amene adasonkhana ku Makerere mu Juni 1962 pa msonkhano woyamba waukulu wa alembi a mu Africa olemba m'Chingerezi, pamodzi ndi Chinua Achebe, Wole Soyinka, Christopher Okigbo, Ezekiel Mphahlele ndi wophunzira wachinyamata amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina loti Ngugi wa Thiong'o. Msonkhanowo udabutsa mtsutso umene sudathebe mpaka lero, woti kodi zolemba za mu Africa zingakule m'ziyankhulo za atsamunda. A Rubadiri adapitiriza kulemba m'Chingerezi, ndipo m'chaka cha 1963 ndakatulo zawo zidalowa m'buku la Modern Poetry from Africa, lokonzedwa ndi Gerald Moore ndi Ulli Beier, limene lidawerengedwa m'mayiko ambiri.

Kazembe wa chaka chimodzi

Malawi atalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, a Rubadiri adasankhidwa kukhala kazembe woyamba wa dzikolo ku America ndi ku United Nations. Pa 18 Ogasiti chaka chomwecho adapereka zikalata zawo za ukazembe kwa mtsogoleri wa America, Lyndon Johnson. Adali ndi zaka 34.

Pasanathe mwezi umodzi zinthu zidasokonekera ku Zomba, kumene kudali likulu la boma. Nduna zambiri zidasemphana maganizo ndi Dr Banda pa nkhani zingapo: ndalama ya tiki imene odwala adayamba kulipira m'zipatala za boma, kuchedwa kupereka maudindo akuluakulu a m'boma kwa Amalawi, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi boma la Portugal limene linkalamulira Mozambique, komanso khalidwe la Dr Banda lolamula zinthu payekha. Mu Sepitembala 1964 Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo adachotsedwa pa maudindo awo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere adatula pansi maudindo awo. Ambiri mwa iwo adathawira ku Tanzania ndi ku Zambia. Mu Febuluwale 1965 a Chipembere adatsogolera gulu la anthu okhala ndi zida limene lidalanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, koma lidalephera kuwoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde kuti likafike ku Zomba.

Kazembe wa ku Washington adayenera kusankha. Ntchito yake idali yoyankhulira boma limene linkasaka anthu amene ambiri mwa iwo adamangidwa naye pa nthawi imodzi m'chaka cha 1959. M'chaka cha 1965 a Rubadiri adasiya ukazembe ndipo sadabwerere ku Malawi. Zimene zidatsatira zidasonyeza kuti khomo lobwerera lidali litatsekeka. M'chaka cha 1966 Malawi adakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo lamulo lolola boma kulanda katundu wa anthu amene lawakayikira lidakhazikitsidwa. M'chaka cha 1967 Yatuta Chisiza adaphedwa atalowa m'dzikolo ndi gulu la zida, ndipo chaka chomwecho Malawi adakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa. M'chaka cha 1968 kudabwera lamulo lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo m'chaka cha 1971 Dr Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Anthu amene adasemphana ndi boma m'chaka cha 1964 ankatchedwa zigawenga, ndipo kungotchula maina awo pagulu kunkatha kumuika munthu m'mavuto.

Kampala, kwawo kwachiwiri

Adabwerera ku Uganda, dziko limene lidawalera, ndipo kuyambira 1968 mpaka 1975 adali mphunzitsi pa Makerere. Kampala wa zaka za m'ma 1960 adali phata la zolembalemba kum'mawa kwa Africa. Magazini ya Transition, imene Rajat Neogy adaiyambitsa m'chaka cha 1961, inkasindikiza alembi a mbali zonse za Africa. Ophunzira a pa Makerere ankayenda ndi masewero m'matauni ndi m'midzi, ndipo m'chaka cha 1966 Okot p'Bitek adatulutsa Song of Lawino, ndakatulo yaitali imene adayamba kuilemba m'chiyankhulo cha Acholi.

M'nyengo imeneyi ndi mmene mudatuluka buku la a Rubadiri la No Bride Price, losindikizidwa ku Nairobi m'chaka cha 1967. Nkhani yake ndi ya Lombe, wogwira ntchito m'boma la dziko lina la mu Africa limene langolandira kumene ufulu. Lombe akukwezedwa pa udindo, koma akupezeka kuti wakodwa m'ziphuphu ndi m'nkhanza za andale, ndipo kumapeto asilikali akulanda boma. Bukuli ndi limodzi mwa mabuku oyambirira a m'chigawochi amene adaleka kuloza chala atsamunda okha n'kuyamba kufunsa za atsogoleri atsopano. Mlembi wake adali atauona utsogoleri umenewo ali mkati.

Zimene adalembazo sizidachedwe kuchitika pamaso pawo. Kale m'chaka cha 1966 asilikali a boma la Milton Obote, motsogozedwa ndi Idi Amin, adali ataukira nyumba ya Kabaka Mutesa wachiwiri, yemwe adathawira ku London. M'chaka cha 1968 Neogy adamangidwa, ndipo Transition idachoka mu Kampala. Pa 25 Januwale 1971 Amin adalanda boma. M'chaka chomwecho a Rubadiri ndi mnzawo wa pa Makerere, David Cook, adatulutsa Poems from East Africa, buku losonkhanitsa ndakatulo za alembi ambiri a m'chigawocho, ena mwa iwo akadali ophunzira. Bukulo lidatuluka pamene gulu limene lidalilemba linkayamba kumwazikana. M'chaka cha 1972 Amin adathamangitsa anthu ochokera ku Asia, ndipo mkulu wa Makerere, Frank Kalimuzo, komanso mkulu wa oweruza milandu, Benedicto Kiwanuka, adatengedwa ndi anthu a boma osaonekanso. Aphunzitsi ambiri adachoka. A Rubadiri adakhalabe mpaka 1975, kenako nawonso adasamuka. Aka kadali kachiwiri kutaya malo okhala chifukwa cha ndale.

Nairobi ndi Nigeria

Kuyambira 1976 mpaka 1984 adaphunzitsa pa University of Nairobi, ndipo adatumikiranso m'komiti yoyendetsa nyumba ya masewero ya Kenya National Theatre. Kwa kanthawi adakaphunzitsa pa sukulu ina ya ukachenjede ku Nigeria pamodzi ndi Okot p'Bitek, ataitanidwa ndi Wole Soyinka.

Ku Nairobi adapeza nthambi ya zolembalemba imene idali itasintha kwambiri. M'chaka cha 1968 Ngugi, Henry Owuor-Anyumba ndi Taban lo Liyong adali atapempha kuti zolemba za mu Africa, kuphatikizapo nthano ndi nyimbo za makolo, zikhale pakati pa maphunziro m'malo mwa mabuku a ku Britain. Koma nakonso mlembi sadali pa mtendere. Mu Disembala 1977 Ngugi adamangidwa chifukwa cha sewero la m'Chikikuyu limene adakonza ndi anthu a m'mudzi wa Kamiriithu, ndipo adakhala m'ndende chaka chathunthu. M'chaka cha 1982, pamene asilikali ena adayesa kulanda boma la Daniel arap Moi, aphunzitsi angapo adamangidwa ndipo ena, monga Ngugi ndi Micere Mugo, adakakhala kunja. Okot p'Bitek adamwalira chaka chomwecho. Patatha zaka ziwiri a Rubadiri adalowera kummwera.

Gaborone, mzinda wa othawa kwawo

Gaborone amene adawalandira adali mzinda waung'ono ndi watsopano. Adamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1960 kuti akhale likulu m'malo mwa Mafeking, tauni ya ku South Africa imene atsamunda ankalamulirako Bechuanaland. Botswana adalandira ufulu pa 30 Sepitembala 1966 ali mmodzi mwa mayiko osauka kwambiri padziko lapansi, wokhala ndi sukulu za sekondale zochepa ndi anthu a madigiri owerengeka. Sukulu ya ukachenjede imene ankagawana ndi Lesotho ndi Swaziland itagawanika m'chaka cha 1975, boma la Seretse Khama lidapempha anthu kuti asonkhe ng'ombe, mbuzi, mbewu ndi ndalama zomangira sukulu yawoyawo. University of Botswana idakhazikitsidwa m'chaka cha 1982.

Pofika nthawi imeneyo ndalama za miyala ya dayamondi ya ku Orapa ndi ku Jwaneng zidali zitayamba kulowa, ndipo boma linkatsegula sukulu za sekondale m'madera ambiri mofulumira kuposa mmene likadapezera aphunzitsi. Ambiri mwa ophunzitsa m'sukuluzo ankachokera kunja. Apa ndi pamene munthu ngati a Rubadiri adafunika. Adagwira ntchito m'nthambi yosula aphunzitsi a ziyankhulo ndi a maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndipo pambuyo pake adaitsogolera. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Munthu amene adayamba uphunzitsi pa Dedza n'kutsogolera Soche Hill adabweretsa luso lomwelo ku Botswana, litanoledwa ku Kampala, Nairobi ndi Nigeria. Sadali Mmalawi yekha pasukulupo: mlakatuli Felix Mnthali, yemwe adamangidwapo popanda mlandu ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, adaphunzitsanso Chingerezi pa sukulu yomweyo.

Gaborone ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera kumalire a South Africa, ndipo kuyandikana kumeneku kudamupatsa moyo wa zaluso wosayembekezeka pamodzi ndi zoopsa zake. Chipolowe cha ku Soweto cha 1976 chitachitika, achinyamata ambiri adawoloka malire. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 alembi, ojambula ndi oimba othawa ku South Africa, pamodzi ndi Atswana ndi anthu a mayiko ena, adayambitsa gulu la Medu Art Ensemble. M'gululi mudali mlakatuli Mongane Wally Serote, wojambula Thami Mnyele ndi woimba Jonas Gwangwa. Zithunzi zawo zotsutsa tsankho zinkalowetsedwa mobisa ku South Africa. Mu Julayi 1982 gululi lidachititsa msonkhano waukulu wa Culture and Resistance, umene udakopa akatswiri a zaluso mazanamazana, a kunja ndi a mkati mwa South Africa.

Patangotha chaka a Rubadiri atafika, usiku wa pa 14 Juni 1985, asilikali a South Africa adalowa mu Gaborone n'kuphwanya nyumba zingapo. Anthu 12 adaphedwa, mmodzi mwa iwo Thami Mnyele, ndipo gulu la Medu lidathera pomwepo. Pa 19 Meyi 1986 adabweranso n'kuukira Mogoditshane, kunja pang'ono kwa mzindawo, tsiku lomwelo limene adaukiranso Harare ndi malo ena pafupi ndi Lusaka. Mwezi umodzi zimenezi zisanachitike, pa 17 Epulo 1986, Bessie Head adamwalira ku Serowe. Mlembiyu adachoka ku South Africa m'chaka cha 1964 ndipo adakhala zaka 15 ngati wothawa kwawo asanapatsidwe unzika wa Botswana. Kukhala mlendo m'dziko la mtendere sikunkatanthauza kuti munthu wafika pabwino.

Kwa Mmalawi wokhala kunja, nkhani zochokera kumpoto nazo sizidali zolimbikitsa. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagwidwa mu Disembala 1981 pafupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, ndipo adaweruzidwa kuti aphedwe, chilango chimene pambuyo pake chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani cha othawa kwawo cha LESOMA, adapezeka ataphedwa ku Harare m'chaka cha 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adafa ndi ena a m'banja lake nyumba yawo itatenthedwa ku Lusaka m'chaka cha 1989. Pa imfa ziwirizi anthu ambiri adaloza chala boma la Malawi. Kwawo komweko mlakatuli Jack Mapanje adamangidwa mu Sepitembala 1987 n'kusungidwa kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

M'zaka zimenezi ndi mmene a Rubadiri adakonza buku limene mwina lafika m'manja mwa ana ambiri kuposa mabuku awo ena onse. Growing Up with Poetry, lomwe lidasindikizidwa ndi Heinemann m'chaka cha 1989, ndi buku la ndakatulo la ophunzira a sekondale. Ndakatulozo adazisanja potsata mitu imene mwana wa mu Africa angaimve msanga: chikondi, kudziwa chimene munthu uli, imfa, moyo wa kumudzi, kupatukana, mphamvu za olamulira ndi ufulu. Mitu itatu yomalizayo ndi imene idalamulira moyo wa mkonzi wake. Bukuli lakhala likugwiritsidwa ntchito m'sukulu za mayiko angapo, kuphatikizapo Tanzania, dziko limene adabadwira. Ku Gaborone adakhalako zaka zoposa 10, nthawi yaitali kuposa imene adaphunzitsa pa Makerere kapena ku Nairobi.

Ulendo wobwerera

Kusintha ku Malawi kudayamba ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Mu Epulo chaka chomwecho Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu Okutobala Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo boma lidapereka chikhululukiro kwa onse amene adathawa pa zifukwa za ndale. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi adapambana chisankho.

Boma latsopanolo lidawatumizanso a Rubadiri ku New York kukayimira Malawi ku United Nations, pa mpando womwe adauchoka m'chaka cha 1965. M'chaka cha 2000, ali ndi zaka 70, adasankhidwa kukhala mkulu woyendetsa University of Malawi, imene pa nthawiyo idali ndi makoleji asanu. Soche Hill College, yomwe adaitsogolera ali wachinyamata, idali itaphatikizidwa kale ndi Chancellor College ku Zomba m'chaka cha 1973. Sukulu imene adaipeza idali ndi mavuto a ndalama ndi a malo, komanso mabala a zaka zimene aphunzitsi ake ankamangidwa kapena kuthawa. Ophunzira amene akadawaphunzitsa m'zaka za m'ma 1960, 1970 ndi 1980 adali atakula kale, ena ali pafupi kupuma pa ntchito.

Buku loyamba la ndakatulo zawozawo, An African Thunderstorm and Other Poems, lidatuluka ku Nairobi m'chaka cha 2004, iwo ali ndi zaka zoposa 70. Kufikira nthawi imeneyo ndakatulozo zidali zomwazikana m'magazini ndi m'mabuku a sukulu, monga momwe mwini wake adaliri womwazikana m'mayiko. M'chaka cha 2005 University of Strathclyde ya ku Scotland idawapatsa digiri ya ulemu. Atapuma pa ntchito adakakhala ku Mzuzu, kumene adamwalira pa 15 Sepitembala 2018.

Zimene adasiya

Alembi a mbadwo wawo adakumana ndi ndale m'njira zosiyanasiyana. Christopher Okigbo adafera kunkhondo ya Biafra m'chaka cha 1967. Soyinka ndi Ngugi adamangidwa ndipo adalemba mabuku ofotokoza za ndende. A Rubadiri sadasiye buku lofotokoza za moyo wawo wa kunja, ndipo ndakatulo zawo zodziwika kwambiri n'zimene adalemba akadali achinyamata. Ena angaone ngati kuthawa kwawo kudachepetsa luso lawo. Komabe mlakatuli amene amakonza mabuku a sukulu ndi kusula aphunzitsi amathandiza kusankha zimene mbadwo wonse udzawerenge. Pamene ankalowa pa Makerere m'chaka cha 1952, mwana wa sukulu wa kum'mawa kapena kummwera kwa Africa sankayembekezera kupeza ndakatulo ya munthu wa kwawo pa mayeso. Pamene ankachoka ku Gaborone, zimenezi zidali zitazolowereka, ndipo mabuku awiri amene iwo adakonza adali m'gulu la mabuku amene adabweretsa kusinthako. An African Thunderstorm yafika mpaka pa mayeso a sekondale a mayiko a ku Caribbean.

Phindu la ntchito imeneyi lidagwera Uganda, Kenya, Nigeria ndi Botswana. Dziko la Malawi, limene m'chaka cha 1964 lidali ndi anthu a madigiri ochepa kwambiri, lidataya mphunzitsi ameneyu ali ndi zaka za m'ma 30 ndipo lidamulandiranso m'sukulu zake ali ndi zaka 70. Sadali yekha. Legson Kayira adakhala ku Britain, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande adakaphunzitsa ku America, ndipo Jack Mapanje atatuluka m'ndende adasamukira ku Britain. Atamwalira a Rubadiri, nyuzipepala za ku Kampala ndi ku Nairobi zidalemba za iwo ngati za munthu wa kwawo, pamene ku Malawi adawalira ngati kazembe woyamba wa dzikolo ku United Nations ndi mmodzi mwa alakatuli ake oyambirira kudziwika kunja.